Zimene zimakana kuwoloka msewu pa Lizulu

Kuchokera ku Dedza kulowera ku Ntcheu pali mtunda wautali ndithu pomwe msewu wa M1 ndiwo malire a dziko. Mukakwera minibasi yopita ku Blantyre, zenera la kumanzere mukuona Malawi, la kumanja mukuona Mozambique. Pa Lizulu msika uli uku ndi uku. Kabichi amawoloka, kachewere amawoloka, mbuzi zimawoloka osafunsa munthu, ndipo maliro akagwa tsidya linalo anthu a tsidya lino amakagonera ngati mwa masiku onse. Chichewa chake ndi chomwechi. Ngakhale magalimoto, mbali zonse ziwiri amayenda kumanzere, moti dalaivala wochokera ku Villa Ulongwe, tauni ya tsidya la Mozambique, sasokonezeka akalowa pa chipata cha Dedza.

Malirewa anajambulidwa m'pangano la Angelezi ndi Apwitikizi la mu 1891, ndipo anadula pakati Angoni a Maseko, ena n'kutsala ku Domwe, m'boma la Angonia ku Mozambique, ena kuno kwa Gomani. Anthu sanavutike nawo kwenikweni mzerewo, amangoudumpha. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti zinthu zimene zimakakamira pa mzerewu ndi zatsopano, zopangidwa ndi anthu ophunzira m'nthawi yathu ino. Ndipo mukaziyang'anitsitsa mupeza kuti zambiri mwa izo zimakanikanso kuwoloka ngakhale m'kati mwa Malawi momwemuno, kuchoka pa kampani ina kupita pa ina, kapena pa sukulu ina kupita pa inzake.

Pemphani mayi aliyense wogulitsa tomato pa Lizulu kuti akutsegulireni chivindikiro cha foni yake ya mabatani. Muli masimu awiri m'malo mwake, wa 088 ndi wa 099. Pansi pa batire, kapena kuseri kwa chivindikirocho, mupeza kachitatu, kokulungidwa m'kapepala kapena komatidwa ndi selotepi. Kameneko ndi ka ku Mozambique. Akafuna kuimbira mwini dimba wa tsidya linalo amathimitsa foni, kuchotsa batire, kusolola simu imodzi ndi chikhadabo, kulowetsa inayo, kuyatsa, kudikira kuti netiweki ibwere. Akamaliza abwezeretsenso, chifukwa wogula wa ku Lilongwe amamuimbira pa nambala ya kuno. Kuyambira pomwe kampani ya mafoni ya Movitel inayamba ntchito ku Mozambique mu 2012 n'kumanga nsanja zake mpaka kumidzi, pali midzi ya kuno imene netiweki ya tsidya linalo imagwira bwino kuposa yathu, ndipo mayunitsi ake amagulidwa ndi makwacha omwewa. Mayiyu sanaphunzire za makompyuta, koma ntchito yolumikiza makampani atatu a m'mayiko awiri akuigwira yekha ndi chikhadabo chake, popanda womulipira.

Nambala ya foni timaitenga ngati yathu. Tinailemba pa khoma la golosale, pa chitseko cha galimoto, m'buku la kutchalitchi, pa fomu ya feteleza. Koma taonani mbiri yake. TNM inayamba mu 1995. Celtel inabwera mu 1999, mu 2008 inasanduka Zain, mu 2010 inagulidwa ndi kampani ya ku India n'kukhala Airtel. Dzina linasintha, eni ake anasintha, utoto wa zikwangwani unasintha, koma makasitomala anasamutsidwa onse ndi manambala awo popanda wotsala. Mu 2009 manambala onse anatalikitsidwa, 08 kukhala 0888 ndipo 09 kukhala 0999, ndipo zinatheka bwinobwino. Choncho nambala imasamuka ndithu, ikafuna kampani kapena boma. Chimene sichichitika n'chakuti inuyo munyamule 0999 yanu n'kupita nayo ku TNM, kapena 0888 yanu ku Airtel. Mu 2018 tinafola pa mizere kulembetsa masimu ndi chitupa cha unzika, nambala n'kumangiriridwa ku nkhope ndi zala zathu. Pa mlandu nambalayo ndi yanu, apolisi akupezani nayo. Pa kusamuka si yanu. Ili ngati munda wobwereka: mumathira manyowa chaka ndi chaka, koma tsiku lochoka mumachoka chimanjamanja. Mukaisiya miyezi ingapo osaigwiritsa ntchito imaperekedwa kwa munthu wina, ndipo abale anu amadabwa kuyankhidwa ndi mawu achilendo.

Kwina zimatheka. Ku South Africa anayamba mu Novembala 2006, ku Kenya mu Epulo 2011. Kachitidwe kake si kovuta kumvetsa. Pamakhala kaundula mmodzi wa pakati, amene makampani onse amayang'anamo, wonena kuti nambala yakuti pano ili ku netiweki yakuti. Mukaimba, makina amayamba afunsa kaundulayo, kenako n'kulondolera foni yanu koyenera. Achibale athu a ku Joni amadziwa kuti munthu akhoza kuchoka ku Vodacom kupita ku MTN nambala ili yomweyo.

Komabe sindikhulupirira kuti ichi ndicho choyamba kuchilirira ku MACRA, bungwe loyang'anira makampani a mafoni. Ku Kenya anthu amene anasamukadi anali ochepa, pa zifukwa zimene ifenso tili nazo. Foni za masimu awiri zinali zitadzaza kale, ndiye munthu ankangogula simu yachiwiri m'malo mosamuka. Chachikulu china, ndalama zawo zinali pa M-Pesa, ndipo M-Pesa inali ya Safaricom. Palinso kena kamene timataya: lero mukaona 088 mukudziwa kale kuti muimbira pa simu iti kuti bandulo yanu igwire ntchito. Manambala akayamba kusamuka, chizindikiro chimenecho chimafa, ndipo mayunitsi akhoza kutha musanamalize moni.

Chingwe chenicheni chomwe chimamanga munthu ndi ndalama. Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba mu 2013, ndipo kwa zaka zingapo zinali nyumba ziwiri zosayankhulana. Amene ankachita geni nthawi imeneyo akukumbukira. Wogula watumiza pa Mpamba, mwini katundu ali ndi Airtel Money. Upite kwa ejenti ukatape, akudule. Uwoloke kupita kwa ejenti wina ukaike, utumize, akudulenso, ndipo wolandirayo akakatapa adulidwenso. Ejenti akati "fuloti yatha, bwerani masana" ndiye kuti lole ya kabichi ikudikira. National Switch, makina olumikiza mabanki, itakhazikitsidwa mu 2015, ndipo Reserve Bank itatulutsa lamulo mu 2017 lokakamiza kuti njira zolipirirana zizilumikizana, zinthu zinasintha. Lero mukhoza kutumiza kuchoka ku chikwama china kupita ku chinzake, kapena ku banki, muli chikhalire. Luso lochitira zimenezi linalipo kale. Chimene chinkasowa ndi wokakamiza, chifukwa palibe kampani imene imadzuka m'mawa n'kugumula yokha mpanda umene ukusunga makasitomala ake. Tsidya linalo kuli M-Pesa ya Vodacom ndi e-Mola ya Movitel, koma pa msika anthu ambiri amadalirabe anyamata ogwira mitolo ya makwacha ndi mametikali m'manja, amene mtengo wawo umasintha malinga ndi mmene akuonera nsapato zanu.

WhatsApp inathetsa mbali ina ya vutoli mwakachetechete. Kwa iyo nambala ndi dzina chabe. Mnyamata wa kwa Kachindamoto akhoza kukhala ku Johannesburg zaka zisanu, akugwiritsa ntchito simu ya komweko, koma pa WhatsApp akuonekabe ndi +265 yake. Tinamasuka ku mpanda wina n'kulowa mu wina waukulu. Uthenga wa pa WhatsApp sungafike kwa munthu wa pa Telegram kapena Signal. Yerekezani ndi imelo: wa Gmail amalembera wa Yahoo popanda vuto, chifukwa malamulo a kayendedwe ka imelo analembedwa poyera mu 1982 kuti aliyense wofuna awatsate, ndipo palibe mwini wake. Mayiko a ku Ulaya anaika lamulo lokakamiza WhatsApp kutsegulira mapulogalamu ena kuyambira mu 2024, koma ndi la kwawo konko. Anakakamizanso kuti foni zatsopano zonse zikhale ndi pobayira tchaja pamodzi, pa USB-C, ndipo Apple inagonja kuyambira pa iPhone 15 mu 2023. Limeneli lokha ndiye latipindulira ngakhale sitinalipemphe. Amene anatchajitsapo foni pa kabenchi ka pa Tsangano Turn-off akudziwa chimulu cha zingwe chija, ya pini yaing'ono, ya pini yaikulu, yophwatalala, ndi kachule kopanira batire.

Pa mabenchi omwewo ndi pamene mumamva chiganizo chomvetsa chisoni kwambiri pa nkhani za foni: "Achimwene, imelo yanu ndi chiyani?" Munthu wagula Tecno yatsopano chifukwa itel yake yagwera m'madzi, akufuna manambala ake. Imelo sakuidziwa. Anamutsegulira ndi mnyamata wa m'sitolo tsiku logula, pasiwedi n'kulemba pa katoni, katoniyo ana anaseweretsa. Manambala alipo ndithu, asungidwa bwinobwino pa makina a Google kutali uko, koma mwini wake alibe kiyi. Zikanatheka kuwatulutsa onse mu kafayilo kamodzi kotchedwa vCard, kamene foni ya mtundu uliwonse imawerenga, n'kukasunga pa memore khadi. Ndi ochepa amene anauzidwapo zimenezi. N'chifukwa chake "ndinataya foni, ndani?" ndi uthenga umene tonse tinaulandirapo.

Gulu la banki mkhonde la kwathu linaonapo zofanana. Bungwe lina linabwera ndi pulogalamu ya pa foni yolembera masheya ndi ngongole, n'kuphunzitsa mlembi, n'kumupatsa foni. Zinkayenda bwino, kuwerengetsa kunali kwachangu, mikangano inachepa. Pulojekiti itatha, pulogalamuyo inasiya kutseguka, ndipo munalibe batani lotulutsira zolembedwazo kuti zipite kwina. Chinawapulumutsa ndi msungichuma, mayi wachikulire amene anakana kusiya hadikava yake ngakhale ankamuseka kuti ndi wachikale.

Zonsezi ndi zopweteka m'thumba. Za sukulu zimapweteka mwana, ndipo zaka zimene wataya sizibwezedwa.

Mlamu wanga anakwatiwa ku Angonia. Bambo a m'nyumba atamwalira anabwerera kumudzi kuno ku Ntcheu ndi mwana wake wamkulu, amene anali atamaliza kalasi yachisanu kumeneko. Chaka cha sukulu ku Mozambique chimayamba cha mu Febuluwale n'kutha kumapeto a chaka, pomwe chathu chimayamba mu Seputembala. Mwanayo anafika mu Januwale, anzake atatha kale teremu yathunthu. Ndinawaperekeza ku ofesi ya ahedi. Mlamu anatulutsa pepala la zotsatira m'kajumbo, lopindidwa kanayi, lodindidwa chidindo cha boma la kwawo. Ahedi analitembenuza uku ndi uku.

"Mayi, ichi ndi Chipwitikizi, ine sindingawerenge. Koma manambalawa ndikuwaona. Masamu 14, ichi 12, ichi 15. Mwanayu amalephera chonchi?"

"Iyayi aphunzitsi, kwathu kuja 14 ndiye wakhoza bwino."

Ku Mozambique amachonga pa 20, ndipo 10 ndiye pokhozera. Choncho 14 ndi chimodzimodzi 70 pa 100. Ahedi anamvetsa atafotokozeredwa, ndipo anali munthu wabwino, sanatithamangitse. Anaitanitsa buku la Chingerezi la Sitandade 5 n'kumuuza mwanayo kuti awerenge. Mwana anangoti duu. Anamupatsa la Sitandade 4, chimodzimodzi. Anamuika Sitandade 3. Palibe amene anamupatsa samu yoti awonkhetse, kapena buku la Chichewa. Patapita masabata ochepa mphunzitsi wake anadzazindikira kuti mnyamata wamtali wa pa benchi ya kumbuyo uja amagawa manambala aatali amene anzake sanayambe n'komwe, ndipo Chichewa amawerenga mosadodoma. Chimene analibe ndi Chingerezi chokha. Chifukwa cha phunziro limodzi anabwezedwa makalasi atatu pa maphunziro onse, n'kumakhala pakati pa tiana tomufika m'mapewa, tikumutcha "ankolo".

Ahedi aja sindiwaimba mlandu. Analibe chilichonse m'kabati mwawo chowauza kuti kalasi yachisanu ya ku Mozambique imaphunzira chiyani. Chonsecho maphunziro a mayiko awiriwa satalikirana monga mmene chilankhulo chimawaonetsera. Onse ndi a zaka 12 munthu asanapite ku koleji. Ife timagawa zaka 8 za pulayimale ndi 4 za sekondale. Iwo ankagawa 7 ndi 5, ndipo lamulo lawo la mu 2018 linasintha kukhala 6 ndi 6. Kuchulukitsa ndi komweko, kayendedwe ka magazi m'thupi ndi komweko. Chinanso chimene ambiri kuno sadziwa n'chakuti Mozambique inayesa kuphunzitsa ana m'Chinyanja m'chigawo cha Tete kuyambira 1993 mpaka 1997, ndipo kuchokera mu 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri anayamba kufalikira m'sukulu zina za kumidzi. Ndiye kuti pali ana a tsidya linalo amene anaphunzira kuwerenga m'chilankhulo chomwechi chimene bungwe lokonza silabasi la MIE ku Domasi limalembera mabuku a Sitandade 1. Kalembedwe kamasiyana apa ndi apo, koma mwana wodziwa kuwerenga kwina amawerenga konse.

Nkhaniyi si yachilendo kwa anthu a Dedza ndi Ntcheu. M'nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha ndi pangano la ku Rome mu Okutobala 1992, Malawi inasunga othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo maboma awiriwa analandira ochuluka zedi, ambiri akukhala m'midzi ya abale awo. Ana anaphunzira kuno, nkhondo itatha n'kubwerera kukakumana ndi Chipwitikizi. Zaka zoposa 30 zapita ana akuwolokabe mbali zonse ziwiri. Pangano la SADC la za maphunziro linasainidwa mu 1997, ndipo linasainidwira ku Blantyre konkuno. Mu 2011 mayikowa anagwirizana za ndondomeko yofananitsira masatifiketi. Zimenezi zimathandiza amene ali ndi digiri kapena dipuloma, monga amene amatumiza mapepala awo ku SAQA, bungwe lounika masatifiketi, akafuna ntchito ku South Africa. Sizifika pa tebulo la ahedi a sukulu ya m'mphepete mwa M1, pomwe pali mwana wa zaka 11 ndi pepala lopindidwa kanayi.

Tisanamizire malire okha. Kalata ya tiransifa ya kuno kwathu imanena dzina la mwana, kalasi yake, ndi kuti khalidwe lake ndi labwino, basi. Sinena kuti anafika pati m'silabasi, kapena kuti amavutika pati. Mayeso a JCE anathetsedwa pambuyo pa 2016 n'kubwezeretsedwa mu 2021. Amene anadutsa Fomu 2 pakati pa zaka zimenezi n'kusiyira sukulu mu Fomu 3 chifukwa cha fizi kapena mimba, pepala la MANEB limene ali nalo ndi la Sitandade 8, ngati kuti ku sekondale sanapondeko. M'makoleji namonso, wophunzira amene ndalama zamuthera m'chaka chachitatu n'kudzapeza mwayi pa koleji ina nthawi zambiri amauzidwa kuti ayambire chaka choyamba. Zimene anaphunzira zili m'mutu mwake, koma umboni wake uli m'kompyuta ya koleji imene anachoka, ndipo kawirikawiri sautulutsa ngongole isanathe.

Chinthu chimene chimasamuka bwino kuposa zonse m'dziko muno, mwa kuona kwanga, ndi kabuku ka kuchipatala. Mayi amakatenga ku sikelo kumudzi, mawa ali nako pa chipatala cha boma ku Dedza, mwezi wamawa ku Kamuzu Central. Dokotala aliyense amatsegula, kuona katemera amene mwana analandira, mankhwala amene anamwa, sikelo yake mwezi ndi mwezi, n'kulemba zake pansi pa za mnzake. Sikafuna netiweki, sikafuna pasiwedi, pulojekiti ikatha sikatseka. Anthu a tsidya linalo amene amabwera kudzalandira chithandizo kuno nawonso amakhala nako. Kali ndi zofooka zake, kamanyowa ndi mvula, makoswe amakadya, ndipo zolemba za madokotala ena amaziwerenga ndi Mulungu yekha. Koma kanakhoza pa mfundo ziwiri zimene makampani a foni, opanga mapulogalamu ndi a zamaphunziro amazizemba: zolembedwazo zimakhala m'manja mwa mwini wake, ndipo zimalembedwa m'njira imene wolandira aliyense amaidziwa.

Ndikanakhala ndi mpata wolankhula ndi akuluakulu a maphunziro a maboma a Dedza ndi Ntcheu, sindikanapempha makompyuta kapena msonkhano wa ku nyanja. Ndikanapempha kuti akhale pansi ndi anzawo a ku Angonia ndi a ku Tsangano ya tsidya linalo, pakuti dzinalo lili mbali zonse ziwiri, alembe pepala limodzi. Mbali ina Chingerezi, mbali ina Chipwitikizi, pakati Chichewa, chimene onsewo amalankhula akatuluka mu ofesi. Lionetse kuti kalasi yakuti kuno ikufanana ndi yakuti uko, kuti 10 pa 20 ndi theka, kuti chaka chimayamba liti kwa aliyense. Pakhale malo oti mphunzitsi achonge zimene mwana amatha: amawerenga ndime, amachulukitsa, amagawa. Kenako timayeso tochepa ta masamu ndi kuwerenga, tofunsidwa m'Chichewa, kuti mwana aikidwe m'kalasi malinga ndi zonse zimene akudziwa, Chingerezicho azimuthandiza padera masana. Mtengo wake sungapose wa mafuta a galimoto imodzi ya boma yopita ku Villa n'kubwerako, kuphatikiza fotokope.

Mnyamata uja anapirira, pano ali Sitandade 6, ndipo ndevu zayamba kumera. Mng'ono wake anatsala kwa agogo ake ku Angonia. Mlamu akuti ameneyo samubweretsa mpaka amalize sukulu konko, ngakhale kuti zikutanthauza kumuona pa tchuthi pokha, ndipo matchuthi aatali a ana ake awiriwo sagwera mwezi umodzi.